Kalata Zopanda Dzina za Masiku Ano: Chimene Lamulo Lingachitire Munthu Wobvutitsidwa pa Lamya

M'mwezi wa July chaka cha 2025 oweruza atatu a Bwalo Lalikuru, atakhala pansi kuunika Malamulo Akuru a dziko lino, anagamula kuti ndime 200 ya buku la milandu lotchedwa Penal Code isagwirenso nchito. Ndimeyo ndiyo inali kulola kuti munthu woipitsa mbiri ya mnzache agwidwe ndi apolisi ndi kuponyedwa m'ndende. Nkhani inali ya Bambo Joshua Chisa Mbele, amene anaimbidwa mlandu chifukwa cha zimene analemba pa intaneti, ndipo oweruza anati kumanga munthu pa chifukwa chotere ndiko kuphwanya ufulu wa kulankhula umene uli m'ndime 35 ya Malamulo Akuru. Munthu amene mbiri yache yaipitsidwa apite yekha kukasuma kuti alandire chipukuta misozi. Chiweruzo chimenechi chinakondweretsa atola nkhani, ndipo ife sitichitsutsa. Koma chiyambire nthawiyo tamva anthu ena, ngakhale ophunzira bwino, akunena m'maofesi ndi pa masukulu kuti tsopano munthu angathe kulembera mnzache chiri chonse pa lamya ya m'manja, popeza lamulo lija linathetsedwa. Maganizo amenewa ndi olakwa ndithu, ndipo tsiku lina adzagoneka wina m'chitokosi. Bwalo linathetsa ndime imodzi yokha, ya mlandu umodzi wokha. Malamulo oletsa kubvutitsa munthu ndi mauthenga silinawakhudze.

Akuru-akuru amene anagwira nchito m'Boma kale adzakumbukira kalata zopanda dzina. Munthu wanjiru anali kugula pepala, envulopu ndi sitampa, kusintha kalembedwe ka dzanja lache, ndi kuyenda ulendo kufikira ku positi ofesi ya kutali kuti chidindo chisamuulule. Kalatayo inali kugona masiku panjira, ndipo kawiri-kawiri mkwiyo wa mwini wache unali kuzirala asanalembe yachiwiri. Ngakhale zinali chomwecho, olemba malamulo a nthawi ya Atsamunda sanaipeputse nkhaniyi: Penal Code, imene inalembedwa m'chaka cha 1929 ndipo ikugwirabe nchito itakonzedwa kambiri, iri ndi mlandu wa kutumiza kalata yoopseza kupha munthu, ndiponso milandu ya kuopseza ndi ya kutukwana. Chimene chasintha ndi liwiro ndi mtengo. Uthenga woyamba wolembedwa wopita pa lamya ya m'manja unatumizidwa ku Britain m'mwezi wa December 1992, ndipo zaka zowerengeka pambuyo pache lamya zotere zinafika kuno kwathu. Lero kalata yopanda dzina sifuna sitampa, siyembekeza galimoto ya mtokoma, ndipo sigogoda pa khomo. Ilowa m'thumba la malaya, ifika pa tebulo la m'kalasi, ndipo itsata munthu mpaka pa kama wache pakati pa usiku.

Tiyerekeze mphunzitsi wamkazi amene Boma lamtumiza pa sukulu ya kumudzi, kutali ndi abale ache. Nambala yache aidziwa makolo a ana, aphunzitsi anzache, a komiti ya sukulu ndi mnyamata wa kabaza, pakuti nchito yache ndi moyo wache zifuna chomwecho. Tsiku lina ulowa uthenga wochokera ku nambala yachilendo womuyamikira kabvalidwe. Iye sayankha. M'mawa mwache abwera mauthenga asanu omfunsira. Mkuja mau aja asanduka zolaula. Ndipo pakutha pa sabata mwini nambala alemba kuti adziwa nyumba imene mkaziyo agonamo, adziwanso kuti agonamo yekha. Palibe wamkhudza ndi dzanja. Koma tulo tamthawa, lamya ikalira mtima wache uthamanga, ndipo wayamba kale kulemba kalata yopempha kuti amsamutse. Anzache amlangiza kuti angosintha nambala. Uphungu umenewu ndi wofala, koma ife tiuyesa woipa, chifukwa ulanga wolakwiridwa ndi kumasula wolakwa kuti akayambe wina. Tanena za mkazi chifukwa akazi ndiwo aona zotere kawiri-kawiri, koma zigweranso amuna: kalaliki amene wakana kuchitira munthu chinyengo, kapena mphunzitsi wamkuru amene wachotsa mwana wa munthu wamphamvu pa sukulu. Nanga munthu wotere apite kuti, anyamule chiani, ndipo ayembekeze chiani?

Lamulo loyamba kulitchula ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene Nyumba ya Malamulo inabvomereza m'chaka cha 2016. M'menemo muli ndime zitatu zotsatana, ndipo ndi bwino kuti wogwira nchito m'Boma ali yense adziwe kuzisiyanitsa, pakuti apolisi polemba mlandu ayenera kusankha ndime yoyenera zimene zachitika. Ndime 86 inena za munthu amene apitiriza kutumiza mau olaula kapena opempha zonyansa, kapena mau oopseza kubvulaza munthu kaya kuononga katundu wache. Chilango chimene chinaikidwa ndi chindapusa cha K2,000,000 ndi zaka 5 m'ndende. Ndime 87 ndi ya munthu amene mwadala ndi mobwereza-bwereza asokoneza mtendere, bata kapena moyo wa mseri wa mnzache ndi mauthenga opanda nkhani yeniyeni, ngakhale winayo asayankhe ndi kamodzi komwe. Apa chilango ndi K1,000,000 ndi miyezi 12. Ndime 88 ndi ya munthu amene alondola mnzache ndi mauthenga mwanjiru, naonjezapo chiopsezo chofuna kuti winayo achite mantha pa moyo wache kapena wa anthu a pa banja lache. Chilango chache chifanana ndi cha ndime 87. Zilango zimenezi ndizo malire a pamwamba. Woweruza angathe kupereka chocheperapo monga mwa kukula kwa mlandu.

Wowerenga mosamala adzaona chinthu chodabwitsa pamenepa. Munthu wolondola mnzache mwanjiru mpaka kumchititsa mantha pa moyo wache, ndiye amene ambiri tikanamuyesa woopsa koposa, koma ndime yache iri ndi miyezi 12 yokha, pamene wa mau olaula angathe kulandira zaka 5. Mwamwai ndime 86 itchulanso kuopseza kubvulaza munthu, kotero wapolisi wodziwa nchito yache akaona chiopsezo chotere angathe kulemba mlandu pansi pa ndime yolemererayo. Mphunzitsi wathu uja nkhani yache ilowa m'ndime zonse zitatu: usiku wosagona uli m'ndime 87, zolaula ziri m'ndime 86, ndipo mau onena za nyumba imene agonamo yekha, ngati bwalo likhutira kuti anali chiopsezo, alowa m'ndime 88.

Tsono mau ofunika kuwagwiritsa m'ndime zitatuzi ndi akuti kupitiriza ndi kubwereza. Lamulo ili silinalembedwere uthenga umodzi umene munthu walemba atapsa mtima nachita nao manyazi m'mawa mwache. Uthenga umodzi woopseza kupha munthu uli ndi mlandu wache m'Penal Code, monga tanena. Koma m'lamulo la 2016 woweruza afuna kuona mzere wa mauthenga, tsiku ndi tsiku, kuti akhutire kuti munthuyo anachita dala. Apa ndi pamene ambiri aonongera mlandu wao okha. Uthenga wonyansa ukafika, chala chithamangira kuufafaniza, makamaka kwa mai wa pa banja amene aopa kuti amuna ache akauona adzafunsa funso lija lopweteka lakuti, nambala yako anaitenga kuti? Ena abwezera mwano pa mwano, ndipo pofika ku bwalo woweruza apeza anthu awiri otukwanana, osadziwika woyamba. Njira yanzeru ndi kuyankha kamodzi kokha, mwaulemu ndi momveka, kuti mauthenga amenewa sindiwafuna, musandilemberenso. Kenaka kukhala chete. Yankho limodzi limenelo ndi mboni yamphamvu, pakuti uthenga uli wonse wobwera pambuyo pache wabwera mwini wache akudziwa kuti sufunidwa.

Lamulo lomweli la 2016 linatsegula khomo lakuti mauthenga a pa makina alandiridwe monga umboni m'bwalo la milandu, ndipo Boma linachita bwino pamenepa, chifukwa popanda chimenechi ndime zija zikanakhala mfuti yopanda chipolopolo. Koma umboni ufuna kusungidwa mwaluso. Lamya yeniyeni imene inalandira mauthenga isagulitsidwe kapena kupatsidwa kwa mwana. Uthenga uli wonse ujambulidwe chithunzi chooneka nambala, tsiku ndi nthawi, ndipo pa WhatsApp zimenezi zichitike msanga, popeza wotumiza ali ndi mpata wakufafaniza uthenga wache mbali zonse ziwiri. Aphunzitsi ndi akalaliki ndi anthu ozolowera kaundula. Tsono atenge kope, alembemo tsiku, ora ndi mau a uthenga uli wonse, ndi dzina la munthu amene anamuonetsa. Ndi zimenezi m'manja munthu apite ku polisi, ndipo pa mapolisi ambiri pali ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, imene itchedwa Victim Support Unit. Afunse dzina la wapolisi amene wamlandira ndi nambala imene dandaulo lache lalembedwapo. Zichitika nthawi zina kuti wapolisi wa pa kauntala aseka, nati izi ndi za chibwenzi, pitani mukakambirane. Wapolisi wotere alakwira lamulo limene analumbira kulisunga. Wodandaula apemphe kuonana ndi mkuru wa polisiyo, ndipo zikakanika pali bungwe loima palokha lolandira madandaulo onena za apolisi, Independent Complaints Commission, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la 2010.

Chobvuta chachikuru ndi kupeza mwini nambala. M'chaka cha 2017 Boma linalemba anthu m'kaundula wa dziko lonse ndi kupereka zitupa za umzika, ndipo m'chaka cha 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simu kadi iri yonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wache, yosalembetsedwa idulidwe. Chiyambire pamenepo nambala iri yonse ya Airtel kapena TNM iyenera kukhala ndi dzina kumbuyo kwache. Koma wodandaula asayese kuti akapita yekha ku ofesi ya kampani adzauzidwa dzinalo. Sadzauzidwa, ndipo nkoyenera kuti asauzidwe, pakuti ndime 21 ya Malamulo Akuru iteteza chinsinsi cha makalata ndi cha lamya za munthu ali yense, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 linaonjeza mpanda pa mbiri ya anthu imene makampani asunga. Kampani ikadaulula dzina kwa ali yense wofunsa, wobvutitsa anzache yemweyo ndiye akadayamba kupindula. Njira yoongoka ndi yakuti apolisi atenge chilolezo cha bwalo la milandu ndi kupita nacho ku kampani. Zimenezi zitenga masiku, ndipo wodandaula ayenera kubwerera-bwerera kukafunsa pamene nkhani yafika; mlandu suola, koma fayelo yosafunsidwa igona pansi pa zinzache.

Ndipo dzina likatuluka, si nthawi zonse likhala la wolakwa. Nthawi zina likhala la gogo wa kumudzi amene anabwereketsa chitupa chache kwa mdzukulu, kapena la munthu amene chitupa chache chinatayika pa msika. Apa tifuna kuchenjeza awerengi athu makamaka, chifukwa munthu wa pa nchito ndiye mtengo umene abale onse atsamira. Mphwanu akati, malume, ndilembetsereni simu kadi pa chitupa chanu, dziwani kuti chiri chonse chimene nambalayo idzachita chidzayamba kugogoda pa khomo lanu. Ndiponso ndime 86 ija sinaiwale munthu amene alola dala kuti lamya yache igwiritsidwe nchito kubvutitsa wina. Iyenso aimbidwa mlandu womwewo. Mkuru wa ofesi amene asunga lamya ya Boma aziganizire bwino zimenezi.

Nanga ngati nambala si yachilendo konse, koma ya bwana wa pa ofesi pomwepo? Apa ndi pamene nkhani ikhudza anthu a m'Boma koposa ena onse, pakuti munthu amene alemba mauthenga usiku ndiye yemwe asaina kalata ya tchuthi masana, ndiye alemba lipoti la kagwiridwe ka nchito, ndiyenso asankha wopita ku maphunziro. Makolo anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Nyumba ya Malamulo inayesa kumtsitsa khoswe ameneyu m'chaka cha 2013 pobvomereza Gender Equality Act. Ndime 6 ya lamulolo iti ndi mlandu kuchitira munthu zinthu zosafunidwa zokhudza chisembwere, kaya ndi mau, kaya ndi zizindikiro, kaya ndi thupi, pamene munthu wanzeru zache akanadziwiratu kuti winayo adzakhumudwa, adzachita manyazi kapena mantha. Chilango ndi K1,000,000 ndi zaka 5 m'ndende. Taonani kuti muyeso wache si maganizo a wotumiza. Bwana sangapulumuke pakunena kuti ndinali kungoseka, kapena kuti ndi mlamu wanga wa nthabwala. Funso ndi lakuti munthu wanzeru zache akadaona bwanji.

Ndime 7 ya lamulo lomwelo ipatsa Boma udindo woona kuti olemba anthu nchito ali ndi ndondomeko yolandirira madandaulo otere ndi kuteteza wodandaula kuti asabwezeredwe choipa. Koma muli mau ena m'ndimeyo amene ambiri sawadziwa, ndipo ndi amtengo wapatali: wobvutitsidwa sakakamizidwa kutsiriza njira za pa ofesi asanapite ku polisi kapena ku bwalo. Ife a m'Boma tinaleredwa ndi mwambo wakuti kalata iri yonse idzere kwa mkuru wako, ndipo mwambowo ndi wabwino pa nkhani za mipando, choko ndi malipiro. Pa nkhani iyi sungagwire nchito, chifukwa mkuru amene kalata iyenera kudzera kwa iye angakhale ndiye wodandaulidwayo. Wobvutitsidwa angathe kulumpha, kupita kwa akuru a pamwamba, ku Malawi Human Rights Commission imene lamulo linaipatsa nchito yoyang'anira Gender Equality Act, kapena kwa Ombudsman ngati ofesi ya Boma yakhalira dandaulo lache. Amene wachotsedwa nchito kapena kuzunzidwa pa nchito chifukwa chokana ali ndi khomo ku Industrial Relations Court.

Za mphunzitsi wolembera mwana wa sukulu mauthenga achikondi sitidzataya nazo mau ambiri. Chiyambire kusintha kwa Malamulo Akuru m'chaka cha 2017, ali yense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ngakhale akhale wa Fomu 4 ndi wamtali kuposa mphunzitsi wache. Mphunzitsi wotere ayembekeze apolisi, ayembekezenso kutaya nchito ndi dzina lache m'kaundula wa aphunzitsi. Kholo likapeza mauthenga otere m'lamya ya mwana lisawafafanize ndi ukali, ndipo lisalole kuti nkhani ithere m'ofesi ya mphunzitsi wamkuru ndi kupepesana.

Tsono tinene zoona: munthu wobvutitsidwa kawiri-kawiri safuna kuti wina apite kundende. Afuna chinthu chimodzi, kuti mauthenga aleke lero. Mlandu wa polisi uyenda pang'ono-pang'ono, ndipo m'miyezi imene fayelo iri paulendo lamya ikhala ikulirabe. Mankhwala achangu amene malamulo athu ali nao ali m'Prevention of Domestic Violence Act ya 2006. Pansi pa lamulo limenelo munthu apita kwa majisitireti kukapempha chikalata chomteteza, chimene chiletsa winayo kumzunza, kumyandikira kapena kulankhula naye. Ndipo nkhani ikakhala yofulumira woweruza angathe kupereka chikalata chogwirizira asanamve mbali inayo. Lamuloli liwerenga nkhanza ya mumtima ndi m'maganizo monga nkhanza ndithu, si ya zibakera yokha iai. Winayo akaphwanya chikalatacho wapalamula mlandu watsopano, wosabvuta kuutsimikiza, pakuti woweruza angofuna kuona zinthu ziwiri: chikalata, ndi uthenga wobwera pambuyo pache. Kwa mai amene mwamuna wache wakale amtumizira mwano usiku uli wonse, iyi ndiyo njira yoyamba kuiganizira.

Koma lamulo limeneli liri ndi malire ache, ndipo dzina lache lomwe liwaulula. Linalembedwera anthu a pa banja: okwatirana, obereka mwana pamodzi, kholo ndi mwana, ndi amene akhala pa chibwenzi choyenderana kupitirira miyezi 12. Mphunzitsi wathu uja salowamo, popeza wombvutitsayo si mwamuna wache, si mbale wache, ndipo kapena sanamuonepo nkhope. Salowamonso kalaliki wobvutitsidwa ndi mnzache wa pa desiki loyandikana. Anthu otere akafuna chiletso ayenera kusuma mlandu wao-wao ndi kupempha bwalo kuti liletse winayo, nchito yofuna loya ndi ndalama zimene mphunzitsi wa pulaimale sangazipeze pa malipiro a mwezi umodzi. Bungwe la Boma la Legal Aid Bureau lithandiza osowa ndalama za loya, ndipo ndi bwino kugogoda kumeneko, koma anthu ofuna thandizo lache ndi ambiri. Chobvuta china nchakuti sungasumire munthu amene dzina lache sulidziwa.

Abale athu okhala ku Johannesburg ndi ku Cape Town ali ndi njira imene ife tiribe. Dziko la South Africa linapanga lamulo lotchedwa Protection from Harassment Act m'chaka cha 2011, ndipo linayamba kugwira nchito mu April 2013. Kumeneko munthu ali yense wobvutitsidwa, kaya ndi mnansi, kaya ndi wa pa nchito, kaya ndi mlendo, apita kwa majisitireti popanda loya nalemba pempho lache. Ngati mwini nambala sadziwika, bwalo lenilenilo lilamula kampani ya lamya kuti ipereke dzina, nambala ya chitupa ndi kumene munthuyo akhala. Ndipo chikalata choteteza chituluka pamodzi ndi chikalata chomangira, chimene chingodikira tsiku limene winayo adzaphwanya chiletso. Ife sitinena kuti chiri chonse cha kwa eni chiyenera kutengedwa, koma ichi tiyesa kuti a Law Commission ndi aphungu athu akanachiyang'ana. Mabwalo a majisitireti tiri nao m'maboma onse, kaundula wa simu kadi tiri naye, ndipo oweruza athu anazolowera kale kupereka zikalata zoteteza pa nkhani za m'banja. Chotsala ndi ndime zowerengeka zolumikiza zinthu zitatuzi.

Za ndalama tinene mwachidule. Chindapusa chipita ku thumba la Boma, si kwa wolakwiridwa, ngakhale woweruza ali ndi mphamvu yolamula wolakwa kupereka chipukuta misozi, ndipo wodandaula achita bwino kukumbutsa woimira Boma pa mlandu kuti apemphe chimenechi. Ndiponso K2,000,000 ya 2016 si K2,000,000 ya lero: kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero kwa munthu wachuma chimene chatsala choopsa ndi ndende yokha. Amene aganiza zosumira mnzache chifukwa choipitsa mbiri adziwe kuti mlandu umenewo ufuna munthu wachitatu. Mwano umene wafika m'lamya yanu yokha, ngakhale uwawe chotani, sunaipitse mbiri yanu kwa wina ali yense. Koma bodza lomwelo likaponyedwa m'gulu la WhatsApp la aphunzitsi a m'dera lonse, kapena likatumizidwa kwa amuna anu kaya kwa bwana wanu, pamenepo khomo la kusuma latseguka, ndipo ili ndilo khomo limene oweruza a 2025 analisiya chitsegukire.

Tibwerere tsono ku chiweruzo chija, chifukwa ngakhale sichinakhudze lamulo la 2016, mthunzi wache ufika pa ndime 87. Ndimeyi mau ache ndi otambalala. Kusokoneza mtendere kapena bata la munthu ndi chiani? Uthenga wopanda nkhani yeniyeni auzindikira ndani? M'zaka zapitazi, makamaka 2022 ndi 2024, anthu ena ndi atola nkhani anagwidwa pansi pa lamulo la 2016 chifukwa cha zimene analemba zokhudza atsogoleri ndi anthu otchuka, ndipo bungwe la atola nkhani la MISA Malawi linadandaula poyera. Tiyenera kuyang'ananso ku Uganda, pakuti ndime zathu zitatu zifanana kwambiri ndi za lamulo la kumeneko la Computer Misuse Act la 2011. Mu January 2023 bwalo loona za Malamulo Akuru ku Uganda linathetsa ndime 25 ya lamulolo, imene iri mbale wache weniweni wa ndime 87 yathu, ponena kuti mau ache samveka bwino ndipo apsinja ufulu wa kulankhula. Chiweruzo cha ku Kampala sichimanga oweruza a ku Malawi, koma maloya athu awerenga, ndipo sichidzakhala chodabwitsa wina akadzabwera nacho ku Bwalo Lalikuru.

Maganizo athu ndi akuti ndime 87 iri ndi nchito yeniyeni, ndipo nchitoyo si kuteteza anthu a maudindo ku mau owawa a pa bwalo la ndale. Iwo ali ndi maloya ndi khomo la kusuma. Nchito yache ndi ya munthu amene lamya yache ilira kambirimbiri usiku uli wonse ndi mauthenga amene sali olaula, sali oopseza, koma saleka: uli kuti, ndakuona pa msika, bwanji suyankha. Mauthenga otere salowa m'ndime 86, pakuti mulibe chonyansa. Salowa m'ndime 88, pakuti mulibe chiopsezo chotchulidwa. Apolisi akamathamangira nayo ndime 87 pa nkhani za ndale ndiye kuti akusonkhanitsira umboni amene adzapempha kuti ithetsedwe. Ndipo ikadzathetsedwa Nyumba ya Malamulo isanailembe mwatsopano, ndi mau olunjika pa munthu mmodzi wolondoledwa amene wanena kale kuti safuna, wolandira mauthenga osaleka aja adzafika pa kauntala ya polisi ndi kope lache lodzaza masiku ndi maora, ndipo wapolisi sadzapeza ndime yolembapo mlandu.